Tsitsi la Ndaziona

Malata a ku Chilobwe ayamba kuthetheka isanakwane naini.
Mvula yagwa usiku koma sinaziziritse kanthu,
yangosiya nthunzi ikufuka m'mipata ya nyumba
ndi malaya omata pamsana.
Ndaziona wakhala pakati pa mawondo anga,
akukanda m'mutu ndi zala zonse khumi
ngati nkhuku yapeza dzala latsopano.

Meshi iyi anamuluka ndi amake
usiku woti mawa lake akwera basi ya ku Joni pa Wenela.
Anakoka zolimba, ati ikhalitse.
Yakhalitsadi. Masabata asanu ndi awiri.
Dzana aphunzitsi a kumkaka anandiimitsa pageti:
bambo, mwanayu sakuimba nawo, akungodzikanda.

Ine manja angawa amadziwa sipanala,
amadziwa nati yadzimbiri kunsi kwa minibasi
ndi girisi wokana kuchoka m'zikhadabo.
Chipeso ndachigwira ngati mbale ya eni.

Ndinati tiye kwa Faresi wometa pa siteji paja,
mpala umodzi, nkhani yatha, mphepo izipita.
Iye anafumbata mutu ndi manja awiri:
nanga amayi akabwera adzandidziwa bwanji?

Ndiye ndikumasula,
chingwe chimodzichimodzi.
Pansi pake thukuta lagona ndi fumbi,
mfundu ikuyoyokera pa buluku langa ngati gaga,
timatuza tofiira tandanda m'mizere
momwe tsitsi linakokedwa koposa.
Fungo lake ndi la thaulo loiwalika m'chikwama.
Ndachita manyazi, ine wogona naye nyumba imodzi.

Foni ili pa njerwa, ikubwereza mawu a Esinati
amene anajambula ali m'bafa la abwana ake, monong'ona:
Musakoke. Nyowetsani kaye.
Muyambire kunsonga, kumizu mufikeko pomaliza.
Sopo wochapira zovala ayi, chonde,
ndasiya kabotolo kuseri kwa wailesi.
Muzisisita ndi nsonga za zala, zikhadabo zanuzo ayi.
Mutsukuluze mpaka madzi ayere.
Mafuta a nsatsi kadontho chabe,
mukachulutsa kunja kukutentha chonchi
fumbi lonse la mumsewu lidzagona m'mutu mwake.
Ndipo musamange lisanaume.
Kenako chitseko chikugogoda, mawu n'kuduka.

Mpopi wauma chiyambire Lachitatu.
Ndatunga a mvula m'diramu, ndasefa pa kansalu,
ndawaika padzuwa kuti afunde pang'ono.
Nachanza wa nyumba yoyandikana wasuzumira pampanda kawiri,
wati bweretsani kuno, ntchito imeneyo si ya amuna.
Ndati zikomo, tatsala pang'ono.
Tinali tisanafike ndi pakati pomwe.

Kuseri kwa khutu lamanzere zingwe n'zolobodoka,
zikumasuka zokha ndisanazikhudze.
Ndakumbuka: apa ndi pomwe magetsi anathima,
ine nditagwira kandulo,
iye akuluka mongopapasa, akupukuta maso ndi phewa,
ati utsi.

Madzi oyamba atuluka ngati a Mudi.
Achiwiri ayerako.
Pa achitatu mwana wasiya kulira,
watsinzina, khosi lafewa,
wati adadi, pamenepo, bwerezani pamenepo.

Tsopano wakhala pakhonde, tsitsi lili mbuu,
laima lokha, likupuma,
lofanana ndi mtambo uwo waunjikana pamwamba pa Soche.
Sindilimanga. Sindidziwa n'komwe kumanga kwake.
Likhale choncho mpaka Lamulungu,
khungu limveko mphepo ikapezeka.

Ndamujambula akuseka, dzino limodzi palibe.
Ndatumiza.
Ndakolopa pakhonde, ndataya madzi ku nthochi,
ndatola meshi yakale ija, mulu ngati khoswe wakufa,
iye wakana kuti ndiitaye.
Bingu layamba kudandaula cha ku Mpemba.

Yankho lafika mdima utagwa,
madontho oyamba akugunda malata:
Mwayesetsa bambo ake.
Koma pamphumi mwasiya thovu.